Basi Yabuluu pa Sikirini

Mutu 5

1. Shopu ya a Mlembi

Shopu ya a Mlembi inali kachipinda kamodzi, pakati pa malo ometera tsitsi ndi sitolo ya nsapato. M'katimo munali tebulo, benchi la makasitomala, pulinta yomwe inkayamba yatsokomola isanagwire ntchito, ndi kompyuta imodzi. Kompyutayo ndiyo inkadyetsa banja.

Anthu ankabwera ndi mapepala opindapinda m'matumba. Wina ankafuna kalata yofunsira ntchito, wina yodandaula kwa eni nyumba, wina yopepesa kwa apongozi. A Mlembi ankataipa zonsezo magalasi ali pansonga ya mphuno, ndipo akamaliza, nkhaniyo inkathera pomwepo. Wometa wa pafupi anayesa kwa zaka zisanu ndi zitatu kuwafufuza m'kamwa, koma sanatolepo kanthu.

"Nkhani za anthu si zanga," ankatero a Mlembi. "Ine ndimangowabwereka zala."

Mwana wawo anali mmodzi yekha, mtsikana wa Folomu 3. Dzina anali nalo, koma msewu wonse unkamuitana kuti Kamtambo, chifukwa maso ake sankakhalitsa pansi. Ukamutuma machesi, ankatha kubwera chimanjamanja, koma n'kukufotokozera bwinobwino mmene mitambo yaimira kumadzulo. Aphunzitsi ake ankati mutu ali nawo, vuto ndi lakuti mutuwo sukhala m'kalasi.

Tsiku lililonse akaweruka, Kamtambo ankalondera shopu kwa ola limodzi, bambo ake akapita kukadya ndi kukawongola msana. Nthawi imeneyo makasitomala ankachepa. Dzuwa linkalowa pa zenera n'kugona patebulo, fumbi la mapepala likuyandama m'kuwalako pang'onopang'ono. Ola limenelo Kamtambo ankalikonda kuposa maola onse a tsiku.

2. Ola la Kamtambo

Amayi ake anachoka pakhomo iye ali ndi zaka khumi. Panali mkangano wa akuluakulu umene mwana sauzidwa mutu wake. Ananyamula chikwama chimodzi n'kupita ku mzinda wa kumapiri, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. M'nyumba mwa a Mlembi dzina la mzindawo silinkatchulidwa, ndipo nanenso sindilitchula.

Kamodzi kokha Kamtambo anafunsapo za amayi ake. Bambo ake anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Amene akufuna za kumeneko anyamule chikwama awatsatire. M'nyumba muno nkhani imeneyo inatha." Kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso.

Koma miyezi itatu yapitayo, mng'ono wa amayi ake anakumana naye pa geti la sukulu n'kumupatsira kapepala m'manja. Pakapepalapo panali adiresi ya imelo. Kamtambo anakasunga m'sokosi sabata yathunthu asanalimbe mtima. Atalemba, yankho linabwera tsiku lotsatira, ndipo linayamba ndi mawu akuti, "Mwana wanga, watalika bwanji tsopano?"

Ndiye ola lake linali la makalata. Akatha kulemba, ankafufuza zithunzi za mzinda wa kumapiri. Ankaona misewu yokwera ndi yotsika, madenga onyowa, nkhungu itakhala pa mitengo m'mawa. Ankasankha zenera limodzi pa chithunzi n'kunena chamumtima kuti ndi la amayi ake. Kenako ankayang'ana nthawi za mabasi. Sikuti ankafuna kuthawa, ayi. Ankangokonda kudziwa kuti basi ya m'mawa imanyamuka sikisi koloko, n'kudziona wakhala pampando wa pa zenera, chipumi chili pagalasi, mapiri akubwera okha kudzamuchingamira.

Bambo ake asanabwere, ankatseka imelo, n'kufufuta mndandanda wa masamba onse amene watsegula. Ankapukutanso ngakhale kiyibodi, ngati kuti zala zimasiya mawu. Ankaganiza kuti wasesa mapazi ake onse. Mwana wa munthu, sankadziwa kuti ankasesa pakhonde pokha.

3. Basi ifika

Lolemba masana kunabwera kasitomala wa masiku onse, mayi wogulitsa nsalu amene mawu ake ankafika iye asanafike. Ankafuna chikalata cha mitengo ya katundu wake. A Mlembi anakhala pa kompyuta, Kamtambo ali pambali kulumikiza mapepala ndi sitepula.

A Mlembi anadina batani la pakona lotsegulira mapulogalamu. Mndandanda unatseguka monga mwa masiku onse, koma pakati pake panali chinthu chachilendo. Panali chithunzi cha basi yabuluu ikukwera phiri, ndipo pansi pake panalembedwa dzina la mzinda uja ndi mawu akuti, "Ukukudikirani. Gulani tikiti lero."

"Ee, a Mlembi!" anakuwa mayi wa nsalu, atasuzumira paphewa pawo. "Mukufuna kutithawa eti? Kuli ndani kumapiriko? Tiuzeni tisoke zovala zofanana!"

Anaseka yekha mpaka benchi linagwedera. A Mlembi sanaseke. Anatseka mndandandawo msangamsanga, mbewa ya kompyuta n'kuwapulumuka m'manja.

"Ndi zotsatsa malonda izi, mayi. Zimangobwera zokha."

"Zokha? Kwanga zimabwera za nsalu ndi mankhwala a mawondo. Zinthu izi zimadziwa munthu, achimwene."

Sitepula inaluma chala cha Kamtambo, koma sanamve kuwawa.

Lachiwiri basiyo inabweranso, ulendo uno pa sikirini yoyamba, kompyuta itangoyaka. Masana kunabwera chithunzi cha nyumba zogona alendo za mumzinda womwewo. Pakona ya pansi, pamene pankaoneka za nyengo, panalembedwa kuti kumapiri kukuzizira. A Mlembi ankatseka chilichonse osanena kanthu. Kunyumba anadya pang'ono, ndipo sankamuyang'ana mwana wawo m'maso.

Kamtambo anaona kuti basi, zadziwika. Bambo ake akangotsegula pakamwa, ola lija litha, makalata atha, ndipo amayi ake asowanso kachiwiri. Anachita mantha kwambiri.

4. Kwa Anti Mawaya

Kumapeto kwa msewu, pamwamba pa sitolo ya utoto, kunali mayi wokonza makompyuta. Ana ankawatchula kuti Anti Mawaya, ndipo iwo ankavomera. Chipinda chawo chinali chodzaza ndi makompyuta otsegula mimba, mabokosi a tizitsulo, ndi fani yomwe inkazungulira mwaulesi. Lachitatu Kamtambo anakwera masitepe aja asanapite ku shopu.

Anawapeza ataweramira laputopu, sikuludalaivala ili m'manja.

"Anti, kodi zotsatsa za pa kompyuta amazichotsa bwanji?"

"Zotsatsa za chiyani?"

"Za... za basi."

Anti Mawaya anakweza mutu n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Nkhani ya banja la a Mlembi ankaidziwa, monga mmene msewu wonse unkaidziwira. Anachotsa bokosi pampando.

"Khala apa. Sindikufunsa kuti basiyo ikupita kuti. Unafufuta zimene umayang'ana?"

"Tsiku lililonse, Anti."

"Unafufuta buku lako. La kampani sunalikhudze."

Anaika sikuludalaivala pansi, n'kuzimitsa wailesi imene inkalira pakona.

"Tamvera, mwana wanga, ndikuuze kamodzi. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imaiyendetsa. Popanda imeneyo, ili ndi bokosi chabe. Imene ili pa kompyuta ya bambo ako inapangidwa ndi kampani, ndipo kampani siidya mphepo. Kale ankakugulitsa pulogalamuyo n'kukusiya. Masiku ano anaona kuti maso akonso ndi katundu. Ndiye zili ngati nyumba ya lendi imene mwini wake anasunga kiyi wina. Umalipira, umagonamo, umati ndi kwanu. Koma ukachoka amalowa, amaona kuti sopo watha, nsapato zang'ambika, pakalendala wazunguliza tsiku lakutilakuti. Mawa ukadzuka upeza wamata chithunzi cha nsapato kuchipinda kwako kogona. Ukadandaula akuti, 'Munavomera nokha.' Ndipo sanama. Tsiku loyamba pamabwera chikalata chachitali, aliyense amangodina kuti ndavomera. Bambo ako amawerenga kalata ya munthu katatu asanaisindikize, koma chikalata chimenecho ndikulumbira kuti sanachiwerenge."

Kamtambo anamwetulira pang'ono, mantha ali pomwepo.

"Ndiye amawerenganso makalata a makasitomala?"

"Sindinanene zimenezo, usandiikire mawu m'kamwa. Ndikuti iwe ndi ine sitingadziwe bwinobwino chimene amatenga ndi chimene amasiya, chifukwa mmene pulogalamuyo inalembedwera ndi chinsinsi chawo. Iwo amaona zako, iwe suona zawo. Ndipo china ndi ichi. Makinawa alibe maso oona kuti pampando pakhala ndani. Inu mumalowa ndi dzina limodzi pa kompyuta imodzi. Kwa iwo, iwe ndi bambo ako ndi munthu mmodzi, wovala magalasi komanso yunifolomu. Chimene wafufuza mmodzi amakamuonetsa mnzake. Ndaona zambiri pa tebulo ili. Mtsikana wina mimba yake inaululidwa ndi zotsatsa matewera asanauze aliyense. Bambo wina matenda ake anadziwika kwa ana ake chifukwa cha zotsatsa mankhwala. Palibe amene anawachitira miseche. Anali makina akungogwira ntchito yawo."

"Ndiye palibe chochita?"

"Chilipo. Mabatani ozimitsira zimenezi alipo, anawabisa m'katikati. Ndikhoza kukuzimitsira ena lero. Koma pulogalamuyo ikadzadzikonzanso, ena amadzuka okha, n'kuyambiranso. Njira ina ndi iyi."

Anatsegula diloo n'kutulutsa fulashi yaing'ono yosungira mafayilo, yomangidwa kachingwe kofiira.

"M'menemu muli pulogalamu yaikulu ina. Iyi timati yotseguka, chifukwa mmene inalembedwera zili poyera. Aliyense wodziwa akhoza kuwerenga mzere uliwonse. Anailemba ndi anthu ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana, ena aphunzitsi, ena ophunzira ngati iwe, ena agogo opuma ntchito. Wina akayesa kubisamo kazitape, anzake amamuona n'kumukuwiza. Siimata malonda pakhoma lako. Ukailowetsa n'kuyatsa kompyuta, imayenda kuchokera mu fulashimu, osakhudza za bambo ako. Ukaizula, zonse zimabwerera mwakale."

Kamtambo anatambasula dzanja, koma Anti Mawaya anabweza fulashiyo.

"Dikira, sindinamalize. Si mankhwala ochiza chilichonse. Pulinta yanu yokalamba ija mwina iyamba yanyanyala. Mabatani ena ali malo ena, bambo ako atukwana sabata yathunthu. Ndipo ukatuluka kupita pa intaneti, masamba a kumeneko adzakuonabe, chifukwa kumeneko ndi kumsika, si kunyumba. Upezanso chithunzi cholembedwa kuti uiike mu kompyutamo mpaka kalekale. Chimenecho usadine. Ukadina osasunga mafayilo kwina, ntchito ya bambo ako ya zaka khumi ipita ngati madzi a m'beseni. Komanso kompyutayo si yako. Chinthu cha mwini sasintha mwini asakudziwa."

"Ndamva, Anti."

"Sunamve chomaliza. Kubisira kampani ndi ufulu wako, palibe chimene uli nacho chawo. Kubisira kholo ndi nkhani ina, ndipo imeneyo ine sindikonza. Fulashi iyi itseka pakamwa pa makina. Pako idzasiya mmene palili."

Anamuikira fulashiyo m'manja n'kuyatsanso wailesi.

5. Chipinda chachete

Lachinayi masana, a Mlembi anavala chipewa n'kutuluka monga mwa nthawi zonse. Kamtambo anadikira mpaka atakhota pa sitolo ya nsapato. Anazimitsa kompyuta, analowetsa fulashi, n'kudina batani limene Anti anamuonetsa.

Sikirini inada. Tizilembo toyera tinathamanga kuchokera pansi kupita pamwamba. Kenako kunayera.

Panalibe basi. Panalibe nyumba zogona alendo, panalibe nkhani za anthu otchuka, panalibe chomufunsa ngati akufuna kugula malo osungira zithunzi. Panali thambo lobiriwira lopanda kanthu, ndi tizithunzi tinayi pakona. Anadina batani la mapulogalamu, n'kupeza mapulogalamu okhaokha. Anadikira kuti mwina china chitumphuka, koma palibe chinatumphuka.

Anatsamira mpando. Kunja wometa ankakangana ndi munthu za mpira, koma mawuwo ankamveka ngati akuchokera kutali. Kuwala kwa dzuwa kunali kutafika pa kiyibodi. Kamtambo anayang'ana thambo la pa sikirini mpaka linayamba kuoneka lakuya, ndipo anaona ngati akhoza kulowamo. Anadziona akuyenda mumsewu wokwera, nkhungu ikumunyowetsa nsidze. Palibe amene ankamutsatira kapena kulemba kumene wakhota. Anafika pa zenera lija, nsalu yake ikugwedera, ndipo m'katimo munthu ankaimba chapansipansi akusita zovala. Anakweza dzanja kuti agogode.

Maso ake anabwerera pa tizithunzi ta pakona. Kachinayi kanali kaja Anti anamuletsa. Akangodina, basi siidzabweranso, lero kapena mawa. Akanatha kunena kuti kompyuta yasokonezeka yokha. Anasuntha mbewa mpaka kamuvi kanaima pa kachithunziko. Chala chinakhala m'mwamba nthawi yaitali. Kenako anachichotsa n'kuchiika pamwendo.

"Ichi n'chiyani?"

Kamtambo anadzidzimuka mpaka mpando unalira. Bambo ake anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Anali atabwerera ngakhale theka la ola lisanathe.

6. Mwini wa basi

"Ndi... ndi pulogalamu ina, Bambo. Ya kwa Anti Mawaya. Sindinafufute kanthu, zanu zonse zilipo. Ndikangozula apa zibwerera."

A Mlembi anayandikira. Anaweramira sikirini, nayang'ana pakona iyi ndi iyo.

"Basi ija ili kuti?"

"Muno siibwera."

"Ngakhale mawa?"

"Ngakhale mawa, Bambo."

Anapita kukatseka chitseko, chinthu chimene sankachita masana. Kenako anakhala pa benchi la makasitomala, pamene Kamtambo anali asanawaonepo atakhala. Pa benchipo ankaoneka aang'ono. Anazunguliza chipewa m'manja kangapo.

"Sindinapite kukadya," anatero. "Masiku anayi ano chakudya sichikutsika. Ndimangozungulira msewu. Ndiye wavutika mpaka kukwera masitepe a mayi uja chifukwa cha ine."

Kamtambo sanamvetse.

"Waona zonse, ndikudziwa. Sunafunse chifukwa ndinakuletsa kufunsa. Mwana wanga, basi ija ndinaiitana ndine."

"Inu?"

"M'mawa uliwonse ndisanatsegule chitseko icho, ndimalemba dzina la mzinda uja. Chaka chino n'chachiwiri. Sindifuna zambiri. Ndimangoona ngati kukuzizira. Amayi ako chifuwa chimawavuta kukazizira, ndipo juzi savala mpaka munthu awakalipire. Mwezi wathawu ndinayang'anako nthawi za mabasi. Kamodzi kokha. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndiye makina awa andivula pamaso pa mwana wanga ndi pamaso pa mayi wa nsalu. Ine amene ndinati nkhani inatha."

Anapukuta magalasi ndi kumunsi kwa malaya, ngakhale anali oyera.

"Tamvera, Kamtambo, uphunzirepo pa ine. Ndakhala ndikudzitama kuti m'shopu muno simutuluka chinsinsi. Ndimatseka pakamwa panga, ndimang'amba mapepala olakwika, ndimakiya chitseko. Koma ndinaika pakati pa shopu chinthu chimene sindichidziwa m'kati mwake, n'kumachiuza zakukhosi m'mawa uliwonse ngati mnzanga. Sindinafunsepo kuti chikamva chimapita nazo kuti. Munthu usanauze chinthu zamumtima, uziyamba wafunsa kuti chimadya kwa yani. Ngati chatha kundiulula ine mwini wake, nanga anthu amene amakhala pa benchi ili? Mawa tinyamule kompyutayi tipite nayo kwa mayi wa makompyuta uja. Asunge mafayilo kwina, aikemo yakoyi. Ndiphunzira, ngakhale nditukwane. Ndipo iwe undikhululukire. Ndinakuletsa chinthu chimene ine ndinalephera kudziletsa."

Apa njira inali itatseguka yokha. Bambo ake anali atasenza mlandu wonse, ndipo mawa makina akanatsekedwa pakamwa mpaka kalekale. Kamtambo akanangonena kuti "palibe kanthu, Bambo," ola lake likanapitirira, makalata akanapitirira, popanda wodziwa. Anayang'ana fulashi ija, kachingwe kake kakulendewera. Anayang'ananso bambo ake, mutu uli pansi chifukwa cha manyazi amene theka lake linali la iyeyo.

"Bambo."

"Ee."

"Simunaiitane nokha."

A Mlembi anakweza mutu.

"Ine nthawi za mabasi ndimaziyang'ana tsiku lililonse. Anti akuti makinawa amationa ngati munthu mmodzi. Ndimalemberana nawo Amayi. Miyezi itatu tsopano. Adiresi anandipatsa ndi amayi aang'ono. Ndimaopa kuti mukadziwa mundiuza kuti ndinyamule chikwama."

Misozi inali itayamba kale kugwera pa yunifolomu. Kunja munthu anagogoda, anadikira, n'kupita.

Nkhope ya a Mlembi inasintha kangapo. Mkwiyo unabwera, Kamtambo anauona bwinobwino, unakhala pachipumi kanthawi. Kenako unapita, ndipo chimene chinatsala anali asanachionepo.

"Miyezi itatu," anatero. "Pampando wangawo."

"Pepani, Bambo."

"Amayankha?"

"Amayankha."

"Chifuwa chija?"

"Akuti chinachepa. Anagula juzi."

A Mlembi anatulutsa kaphokoso kamene sikanali kuseka kapena kulira. Anaimirira, anakoka benchi mpaka pafupi ndi tebulo, n'kukhalanso.

"Sindikuuza kuti unyamule chikwama. Mawu amene aja ndinalankhula ndi chilonda, sindinalankhule ndi mutu." Analoza sikirini ndi chibwano. "Muno makalatawo amatseguka?"

"Amatseguka."

"Ndi ako, sindikukakamiza. Koma ngati ungalole, ndione mzere umodzi wokha. Ndione mmene amalembera masiku ano."

Kamtambo anapukuta maso ndi mkono. Mtima unali utapepuka mwakuti ankaona ngati akhoza kuyandama n'kukagunda denga. Analumikiza intaneti, analemba mawu achinsinsi bambo ake atayang'ana kumbali, n'kutsegula imelo. Ankafuna kuwaonetsa kalata yoyamba ija. Koma pamwamba penipeni panali ina yatsopano, yofika m'mawa womwewo, ndipo chifukwa cha chimwemwe anaidina asanaganize.

Inali yaifupi.

"Mwana wanga, ndalephera kupirira. Ndapempha tchuthi kuntchito. Ndifika Loweruka ndi basi ya madzulo, udzandidikire pa depoti. Bambo ako asadziwe kaye, sindinakonzeke kuwaona. Ndikudalira iwe."

Kamtambo anaphimba sikirini ndi manja onse awiri. Koma a Mlembi anali munthu wowerenga msanga. Anavula magalasi pang'onopang'ono, anawapinda, n'kuwaika m'thumba la malaya.

"Lero ndi lachingati?" anafunsa.

"Lachinayi, Bambo."

"Ndiye Loweruka lake ndi mkuja."